Chiweto chopanda ntchito

Bambo anga anabwera kuchokera ku Zambia ndi sutikesi imodzi, wailesi yakufa ndi kagalu. Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene aliyense kwathu cha ku Mkanda ankakhulupirira kuti zabwino zili m'njira. Nafenso tinali ndi chiyembekezo chathu. Munthu amene anakhala kunja ubwana wanga wonse akuphikira azungu, tinkati abwera ndi malata, kaya njinga, ngakhale makina osokera. Anafika atakwezedwa pa njinga ya munthu wina amene anawadutsitsa njira yakutchire, poti pachipata cha malire akanawafunsa mapepala a galu. Atatsegula dengu limene anafungatira, munatuluka kanthu koyera, kamiyendo ifupiifupi, ubweya utatseka m'maso. Ana anathawa. Amalume anga, mlongo wawo wa malemu mayi, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, ichi n'chiyani? Mwana wa nkhosa kapena chopukutira nsapato?"

"Ndi galu, alamu," anayankha bambo mosaseka.

Azungu aja anali atabwerera kwawo, ndipo galu sakanakwera naye ndege. Anawasiyira bambo, ati chifukwa ndi iwo amene ankamudyetsa kuyambira ali mwana. Imeneyo ndiyo inali penshoni.

Mayi anali atamwalira chaka chapitacho. Mwa mwambo wathu, mkazi akamwalira mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, chifukwa mudzi ndi wa akuchikazi. Koma bambo kwawo kunali kutatha. Amene ankawadziwa anali kumanda, otsala anali ana oti sanawaonepo. Ndinapita kwa amalume, eni mbumba, kukapempha kuti akhale. Analola mosavuta, poti sanali munthu wouma mtima, ankangokonda kuseka anzawo. Ndinawakonzera bambo kanyumba kamene ndinkasungiramo makasu ndi mbewu. Iwo ankadziwa malo awo. Mkamwini asamakule mwendo, ndiye wa mkazi womwalira amayenda chonyang'ama ngakhale masana.

Ine bambowa sindinkawadziwa. Ndili mwana ankabwera pa Khirisimasi, osatinso chaka chilichonse, atanyamula shuga ndi sopo wonunkhira, ndipo tikamayamba kuwazolowera anali atapita kale. Tsopano ndinali mayi wa ana, iwo nkhalamba, ndipo tikapatsana moni nkhani zinkathera pomwepo. Amene ankawadziwa pamudzi ponse kanali kagalu kaja. Kankadziwa chifuwa chawo, kankadziwa nthawi imene adzuke. Akakhala pakhonde kankagona pamapazi awo, iwo n'kumakalankhula Chizungu cha kukhitchini, iko n'kumapendeketsa mutu ngati kakumva. Zinkandinyansa, ndipo pansi pa kunyansidwako panali nsanje.

Kwathu galu salowa m'nyumba. Amagona paphulusa, amadya makoko akatsala, akapanda kutsala amakasaka yekha. Aka kankagona m'nyumba pachiguduli, kankadyera m'mbale yachitsulo. Loweruka lililonse bambo ankakasambitsa m'beseni, n'kukapesa ndi chipeso, kuchotsa chisoso ndi nkhupakupa imodziimodzi. Azimayi opita kumjigo ankaima atasenza ndowa kuti aonere. Ntchito kanalibe. Mbewa kankaiyang'ana ikudutsa. Nkhuku ya anapiye ikakatukumulira kankathawira m'miyendo mwa bambo. Mlendo aliyense, kaya wogula mtedza kaya woledzera wosochera, kankamulandira ndi mchira.

Tsiku lina tikusankha fodya m'chigafa, amalume anayambitsa nkhani imene sindinaiiwale mpaka lero.

"Alamu, tandiuzani. Akamati chiweto amatanthauza chiyani?"

"Nenani inu eni mudzi."

"Chiweto ndi chimene umaweta lero kuti mawa chikuwete iwe. Mbuzi imakutulutsa pa mlandu. Nkhuku imakuchotsa manyazi mlendo akabwera. Mphaka amagwira makoswe, galu amapita ku uzimba, usiku amauwa. Ngakhale nkhunda timadya. Nanga bwana wanuyu amatipatsa chiyani?"

Bambo anamanga kaye fodya amene anali m'manja. "Mmene ndimadziwira ine, kuweta n'kuchotsa tchire m'chinthu. Zonse mwatchulazi zinali za kuthengo. Munthu anazipatsa chakudya mpaka zinasiya kumuthawa. Ukachiitana n'kubwera, ndiye kuti wachiweta. Zoti chidzakupatsa chiyani, imeneyo ndi nkhani ina."

"Nkhani ina yake iti? Nkhani ndi yomweyo!"

Bambo anati azungu ali ndi mawu akeake a nyama imene umangokhala nayo kuti usakhale wekha, osaiika gulu limodzi ndi mbuzi. Amalume anati n'chifukwa chake azungu amasiya ana kwawo n'kumapsompsona agalu. Tonse tinaseka, ndi ine ndemwe. Patapita nthawi ndinafunsa aphunzitsi ena a kutchalitchi kwathu kuti wolondola anali ndani. Anandiuza kuti mawuwo amachokera ku kuweta basi, monga timanenera kuweta nkhumba kapena kuweta ndevu, ndipo sanena kuti ukuweteranji. Ndiye kuti mawu ake ndi amodzi, a chimene ukusungira mpeni ndi a chimene ukusungira mtima. Pa zaka zokolola bwino palibe amene zimamuvuta.

Zinayenda choncho zaka zingapo. Bambo ankathandiza kusoka fodya, kuluka nkhokwe, kuyang'anira ana ine ndikapita kumunda. Kagalu kanakalamba, mano ena anaguluka, ndipo anthu anatopa nako kukaseka.

Kenaka kunagwa galu wakuda, njala ija ya 2002. Amene anaiona safuna kuikamba. Chimanga chinatha m'nkhokwe mvula isanagwe n'komwe. Bambo a ana anga anapita kukafuna ntchito ku maesiteti a fodya, sanatumize mawu ndipo sanabwererenso. Tinadya gaga, gaga atasowa tinasinja mizu ya nthochi. Azimayi tinkawoloka malire kukapalira m'minda ya anthu a ku Zambia, malipiro ake kambale ka madeya. Ziweto zinayamba kugwira ntchito imene amalume ankanena. Mbuzi zinapita zonse, zina kusinthanitsa ndi ndowa ya chimanga yosadzaza. Nkhuku zinatha. Agalu a m'mudzi anangobalalika, ena kufera m'njira, ndipo palibe anawafunsa. Maliro anachuluka mpaka tinasiya kugona pa siwa, tinkangoika n'kubalalika.

Pakhomo panga tinkadya kamodzi, madzulo dzuwa lisanalowe, phala lamadzimadzi. Ndinkagawa ndi chikho kuti pasakhale wodandaula. Bambo ankalandira lawo, n'kuthokoza, n'kulowa nalo m'kanyumba kawo. Ndinkadziwa chimene ankakachita. Tsiku lina ndinawatsatira ndipo ndinapeza akuthira theka m'mbale yachitsulo ija.

Ndinakalipa mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Ndinati ndayenda ndi miyendo yangayi mpaka ku Zambia, ndapalira munda wa eni ake ndili ndi chizungulire, kuti ndidyetse galu? Ndinati mwana wanga wamng'ono tsitsi lafiira, masaya atupa, inu mukuona? Mkwiyo umenewo sindiupepesa, mayi aliyense akanakwiya.

"Sindinatenge la mwana," anatero bambo. "Ndi langa lomwe wandipatsali. Ndikungodyera m'mbale ziwiri."

"Ndiye mukafa ndi njala anthu adzati ndinakumanani ndine!"

"Kakafa aka, ine ndizilankhula ndi ndani?"

Ine ndinali nditaima pomwepo, mwana wawo, ndipo funsolo silinali lachipongwe. Ankafunsadi.

Mu Febuluwale chimanga chinayamba kukhwima m'minda, ndipo kuba kunabuka. Anthu ankathyola chosakhwima n'komwe, kudya chachiwisi ali chiimire. Ogwidwa ankamenyedwa koopsa. Munda wathu waukulu, umene mbumba yonse inkadalira, unali kutali ndi nyumba, kufupi ndi dambo. Amuna amene akanalondera anali atapita kosaka chakudya, otsala anali ofooka. Amalume anali ataika mdzukulu wawo sabata yomweyo, ndipo kuseka kunali kutawathera. Anabwera pakhomo panga m'mawa, anakana mpando.

"Alamu, m'mudzi muno galu watsala mmodzi, ndi wanuyu. Akudya. Aliyense amene akudya chaka chino agwire ntchito. Apite kumunda azikauwa."

"Sikauwa munthu, alamu. Sikanaphunzire."

"Tikaphunzitsa. Galu ndi galu."

Kwathu ilipo njira yokalipitsira galu, ndipo aliyense amaikhulupirira. Umatenga chisa cha mavu ndi ana ake omwe, kusinja pamodzi ndi tsabola ndi masamba a chamba, n'kusakaniza m'chakudya. Ukatero umadula nsonga za makutu kuti azimva patali. Amati galu wodya mavu amaluma ngati mavuwo. Amachitira ana agalu a m'mudzi, amene mwina akanakula olusa ngakhale popanda mavu. Ine ndinati amalume, kagalu aka n'kokalamba, mano kalibe, mukufuna kalume ndi chiyani? Anandiuza kuti nkhani za agalu si za azimayi. Ndinawayankha kuti phala limene kakudya ndi la azimayi. Sizinathandize. Bambo sakanaletsa, poti munda sunali wawo, mudzi sunali wawo, ngakhale kanyumba kamene ankagonamo.

Masana amalume anabwera ndi chisa chimene anagwetsa kudenga la chigafa, dzanja litatupa. Anasinja okha, n'kusakaniza ndi gaga wodzaza dzanja amene anachotsa kunyumba kwawo, kumene kunalinso ana anjala. Ichi ndimachikumbukira ndikafuna kuwada: iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa mbumba. Kagalu kanali ndi njala. Kanadya zonse, kananyambita mbale, kenaka kanapita kwa amalume kakugwedeza mchira.

Atatulutsa lumo, bambo anaimirira.

"Ndikagwire ndine, alamu. Kangaope."

Anakafungatira pachifuwa, akukalankhula Chizungu chija pang'onopang'ono. Kanalira ngati khanda. Magazi anadontha pa malaya a bambo, ndipo ine ndinalowa m'nyumba chifukwa sindikanatha kuonerera. Pofika madzulo kanali katasanza, kakuyenda chodzandira, maso ali psuu. Amalume anati mankhwala ayamba kugwira.

Mwana wawo wamkulu anakanyamula kupita nako kumunda kuti akakamangirire pa chilindo, kamsasa kaudzu kamene olondera amabisalamo mvula. Bambo analowa m'kanyumba kawo, anatuluka ndi bulangete ndi chiguduli, n'kuyamba kutsatira.

"Ababa, mukupita kuti?"

"Sikanagonepo kokha."

"Mvula imeneyi? Ndi chifuwa chanucho?"

Ndinathamangira kwa amalume kuti awaletse. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti, "Asiye. Ndiye kuti alonda akhala awiri." Ndinawauza mawu amene mwana sauza amalume ake, ndipo sindiwalemba pano.

Bambo anakhala kumeneko masiku angapo. M'mawa uliwonse ndinkawapititsira phala, n'kuwapeza atakhala pakhomo pa chilindo, bulangete lili chinyowere, kagalu kali pamiyendo, akukaingitsira ntchentche pa zilonda za m'makutu. Ukali sunabwere. Chimene chinabwera ndi mantha. Kakamva mapazi kankalowetsa mutu m'khwapa mwa bambo n'kumanjenjemera. Bambo mapazi anali atatupa, akatsokomola ankagwira mtengo. Tsiku lililonse ndinkawapempha kuti tibwerere kunyumba, tsiku lililonse ankandifunsa ngati amalume alola kuti kagalu kabwerenso. Sanalole.

M'mawa wina ndinafika n'kupeza mbali yonse ya kudambo yayera. Mapesi anali chiimire, chimanga palibe, makoko ali mbwee m'mizere. Bambo anali m'chilindo, thupi likutentha, sanamve kanthu. Kaya akubawo anali ochokera kutali kaya a m'mudzi momwemo, sindidziwa. Kagalu kaja sikanauwe, poti kwa iko kunalibe mlendo.

Amalume anabwera ndi mwana wawo uja. Anayenda m'mizere akutola makoko n'kuwataya. Ndinaona misozi m'maso mwawo, chifukwa chimanga chimenecho chinali masabata a moyo wa ana athu. Atafika pa chilindo sanakweze mawu.

"Alamu, ndakhala ndikupirira. Chinthu chosauwa, chosasaka, chosadyedwa, chongodziwa kudya. Chaka chabwino tikhoza kuseka nacho. Chaka chino chimene chilibe ntchito chisadye. Ndatha."

Anamasula chingwe pamtengo n'kupatsa mwana wawo. Ine ndinagwira chingwecho, tinalimbana, anandikankha ndinagwera m'mizere. Bambo sanalimbane. Anangokasisita pamutu kamodzi, n'kukauza mawu awiri atatu a Chizungu, ndipo kanatsatira chingwe kakucheuka. Mwana wa amalume uja analowa nako m'bango la kudambo. Sitinamve kulira, ndipo sanachedweko, anatuluka yekha.

"Mwaweruza bwino, alamu," anatero bambo.

Tinabwerera kunyumba pang'onopang'ono, iwo akupuma pa chulu chilichonse. Ndinaganiza kuti akagona. Koma anapempha madzi, anasamba, anameta ndevu. Dzuwa lili pamutu anatuluka atavala zoyera zokhazokha, jekete la mabatani mpaka m'khosi ndi thalauza lopindika bwino, zovala zawo za kukhitchini zimene zinali pansi pa sutikesi ndipo ndinali ndisanazionepo. Zinkawakhuthukira. Nsapato zinakana kulowa, anazinyamula m'manja.

"Ndikupita ku Chipata kukafuna ntchito. Ophika amafunika nthawi zonse."

"Ababa, ndani angalembe ntchito munthu wotupa mapazi? Khalani pansi."

"Ndikhale ndizidya phala la ana ako, ndikulondera chiyani? Wamva wekha mlandu mmene wathera."

"Amalume amanena galu!"

"Ndamva zimene amanena."

Ndinawatsatira mpaka kumtsinje, ndikuwakoka jekete, ndikulira mokweza ngati pamaliro. Ndinati inu si chiweto, ndinu bambo anga, simufunika kuuwa kuti mudye. Anaima n'kundiyang'ana bwinobwino, mwina koyamba chibwerereni.

"Iwe ndiwe mwana wabwino. Koma anakulera ndi mayi ako ndi amalume akowo, ine ndinkangobweretsa shuga. Chimene ndinalera ndi manja angawa chili ku dambo. Bwerera, mwana akudwala."

Mwana ankadwaladi, ndipo ndinali nditamusiya yekha pamphasa. Ndinaima pamtsinje ndikuwaona akuwoloka, atakweza thalauza kuti lisade. Ndinadziuza kuti ndi mapazi amenewo safika patali, dzuwa likamapendeka abwerera okha kapena wina awabweretsa pa njinga. Madzulo ndinawasungira phala. M'mawa mwake ndinatsata njira ija mpaka midzi ya kutsidya. Mayi wina anati anaona nkhalamba yovala ngati dokotala itakhala pansi pa mtengo, anaipatsa madzi, inathokoza mwaulemu n'kupitiriza. Kupitirira pamenepo palibe anaiona.

Titakolola chotsalacho ndinapita ku Chipata. Ndinayenda m'misewu ya nyumba za mipanda, ndikugogoda pa mageti, agalu akuluakulu akuuwa mkati. Alonda ankandimvera chisoni. Mmodzi anati, "Amayi, madala a ku Malawi apita ambiri pano chaka chino, tingadziwe uti?" Ndinafunsa kuchipatala, ndinafunsa kumatchalitchi, ndinafunsa madalaivala a mathiraki pachipata. Ndinabwerera ndi fumbi lokha.

Amalume anakhala zaka zina zingapo. Nkhaniyi sankaiyamba, koma akamwa pang'ono ankabwera pakhomo panga n'kukhala pakhonde, osandiyang'ana. "Ine ndinanena za galu," ankatero. Ndinkawayankha kuti ndikudziwa. N'zoona, ananena za galu. Sindinawakhululukire, komanso sindinapeze mlandu woti ndiwaimbe, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa ndikanakhala nawo.

Chaka chitatha chichokereni bambo ndinapempha kuti tichite mwambo, tiphike mowa, timete, mzimu wa bambo ugone. Akuluakulu anakhala pansi n'kukana. Anati sitimeta maliro amene sitinaike, mwina munthuyo ali moyo kwinakwake, tingamulodze. Ndinapemphanso amalume atamwalira, yankho linali lomwelo. Tsopano ndine wamkulu pa mbumba yathu, palibenso wondikaniza, koma ndikati ndiitane anthu ndimasowa chowauza, poti sindidziwa tsiku, sindidziwa malo, sindidziwa ngati panapezeka wowatseka maso. Mpaka lero maliro a bambo anga sitinamete.